Kulumikiza Mapanelo a Sola ku Magetsi a Kampani: Mafunso ndi Mayankho

Anthu akaganiza zoika sola padenga la nyumba yomwe ili kale ndi magetsi a kampani, amabwera ndi mafunso a mapanelo: angati, a mtundu wanji, adzakhala zaka zingati. Ine ndimawabweza kaye m'mbuyo, ndimati tiyeni tikaone mita yanu. Tsiku limene mwalumikiza sola ku mawaya a kampani, nyumba yanu yasiya kukhala yongogula magetsi, yayamba kupanganso magetsi ndi kuwakankhira kunja. Ndipo mawaya amenewo si anu nokha. Amadutsa kwa anzanu oyandikana nawo, amakwera pamapolo pomwe amisiri amagwira ntchito ndi manja awo.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ngakhalenso kampani ndi kampani. Zimene zili pansipa ndi mfundo zomwe mudzakumana nazo pafupifupi kulikonse, ndipo pomwe ndatchula dziko, ndikungopereka chitsanzo.

Kodi kulumikiza sola ku gridi kumatanthauza chiyani?

Gridi ndi mawaya onse, mathiransifoma ndi malo opangira magetsi omwe amabweretsa magetsi pakhomo panu. Sola wapanyumba amaikidwa m'njira zitatu. Pali woima payekha: mapanelo, mabatire ndi inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a mapanelo kukhala a mtundu womwe nyumba imagwiritsa ntchito), osakhudzana ndi mawaya a kampani m'pang'ono pomwe. Pali wolumikizidwa ku gridi popanda batire: masana mapanelo amadyetsa nyumba, otsala amatuluka kupita ku gridi, usiku mumagula kwa kampani monga kale. Ndipo pali wa hybrid, wokhala ndi zonse ziwiri, batire ndi gridi.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza anthu ambiri. Inveta ina imangolandira magetsi a kampani kuti itchajire mabatire, ndipo imasinthasintha: nthawi ina nyumba ili pa sola, nthawi ina ili pa kampani, osati zonse pamodzi. Inveta yotere sibweza magetsi ku gridi. Koma inveta yomwe imagwira ntchito limodzi ndi gridi panthawi imodzi, imeneyo ndiyo malamulo ambiri amaiyang'anitsitsa. Musanagule, funsani wogulitsa kuti ndi ya mtundu uti mwa iwiriyi, ndipo akuonetseni pomwe zalembedwa m'kabuku kake.

Magetsi amadziwa bwanji kolowera?

Sadziwa, amangotsata komwe kuli kotsika, monga amachitira madzi. Mapanelo amapanga magetsi a DC, oyenda mbali imodzi. Nyumba ndi gridi zimagwiritsa ntchito magetsi a AC, omwe amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi m'mayiko ambiri, ndipo ka 60 ku United States, Canada ndi mayiko ena. Ntchito ya inveta ndi kusandutsa DC kukhala AC, kumvetsera kugunda kwa gridi, n'kumagunda nayo limodzi ndendende. Kenaka imakweza volteji yake pang'ono chabe kuposa ya gridi kuti magetsi athe kutuluka.

Tiyerekeze kuti dzuwa lili paliwombo ndipo mapanelo anu akupereka makilowati 3. M'nyumba mukuyaka firiji, kompyuta ndi zinthu zina zomwe zonse pamodzi zikudya mawati 800. Mawati 2,200 otsalawo alibe kokhala, choncho amadutsa pa mita kupita kunja, ndipo kawirikawiri amakathera m'nyumba zoyandikana nanu zomwe zili pa thiransifoma imodzi. Mtambo ukaphimba dzuwa mapanelo n'kutsika kufika pa mawati 500, gridi imadzaza mawati 300 osowawo nthawi yomweyo, inu osaona ngakhale kuphethira kwa babu.

Kodi ndiyenera kupempha chilolezo, pomwe denga ndi langa, ndalama ndi zanga?

Inde. Denga ndi lanu, koma mita, waya wochokera papolo ndi thiransifoma ndi za kampani. Kampani iyenera kudziwa nyumba iliyonse yomwe ingathe kukankhira magetsi m'mawaya ake, poyamba pofuna kuteteza amisiri ake, komanso chifukwa thiransifoma iliyonse ili ndi malire. Mawaya ambiri a m'midzi ndi m'matauni anamangidwa poganiza kuti magetsi aziyenda mbali imodzi, kuchokera ku kampani kupita kwa ogula. Nyumba khumi zikayamba kubweza magetsi masana pa thiransifoma imodzi, zinthu zimasintha ndithu.

Kukhwima kwa malamulo kumadalira kukula kwa sola. Ku Britain, sola wosapitirira maampu 16 pa feizi imodzi (waya mmodzi wamoyo wolowetsa magetsi m'nyumba), omwe ndi makilowati 3.68, amaikidwa motsatira lamulo lotchedwa G98: mmisiri amalumikiza kenaka n'kudziwitsa kampani pasanathe masiku 28. Wamkulu kuposa pamenepo amagwera pa G99, ndipo pamafunika kuvomerezedwa ntchito isanayambe. Ku Germany, kuyambira mu 2024, timapanelo topachika pakhonde tokhala ndi inveta yosapitirira mawati 800 timaloledwa mosavuta, komabe mwiniwake amayenera kutilembetsa. Onani kuti ngakhale komwe malamulo ndi ofewa, kudziwitsa sikulephereka.

Wolumikiza mobisa amatha kudulidwa magetsi kapena kulipitsidwa chindapusa. Ndipo moto ukabuka, a inshuwalansi amafunsa zikalata zosonyeza kuti ntchito inavomerezedwa.

Magetsi a kampani akathima, sola wanga azigwirabe ntchito?

Ngati ndi wolumikizidwa ku gridi popanda batire, ayi. Athima nawo limodzi, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Apa ndi pomwe anthu ambiri amamva ngati agwiritsidwa fuwa la moto, ndipo ndimadandaula kwambiri ndi ogulitsa omwe sanena zimenezi poyera munthu asanatulutse ndalama zake.

Koma inveta sikuti yaonongeka, inapangidwa dala kuti izitero. Taganizirani mmisiri yemwe watumidwa kukakonza waya woduka. Wathimitsa magetsi kuchokera kumtunda, akudziwa kuti waya ndi wakufa, wakwera polo. Ngati inveta yanu ikupitiriza kukankhira magetsi kunja, waya uja ndi wamoyo. Choopsa kwambiri n'chakuti thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse ziwiri: yomwe imatsitsa mavolti 11,000 kufika pa 230 ingathenso kukweza mavolti 230 ochokera kunyumba kwanu kubwerera pa masauzande. Munthu angafe chifukwa cha mapanelo omwe ali padenga lanu, inu muli phee m'nyumba.

Chitetezo chimenechi chimatchedwa anti-islanding. Muyezo wa IEEE 1547, womwe unatuluka koyamba mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2018, umafuna kuti inveta izindikire kuti gridi yathima ndi kusiya kutumiza magetsi pasanathe masekondi 2. Muyezo wa IEC 62116 umafotokoza momwe amayesera chitetezochi. Magetsi akabwera, inveta siyambiratu pompo. Imadikira kaye kuti ione ngati akhazikika, nthawi zina mphindi imodzi, nthawi zina mpaka mphindi 5, malingana ndi malamulo a dziko. Mukaona manambala akuwerengera chotsika pagalasi la inveta, ikudikira basi, musaigwire.

Nanga ngati cholinga changa ndi kukhala ndi magetsi nthawi yomwe kwathima?

Mukufunika inveta ya hybrid ndi batire. Gridi ikathima, inveta yotereyi imayamba yadzidula ku mawaya a kampani, kenaka imadyetsa nyumba yokha. Amisiri ambiri amaika bolodi yachiwiri ya zinthu zofunikira kwambiri, monga magetsi ounikira, firiji ndi zipangizo za intaneti, pomwe chitofu ndi giza zimatsala ku bolodi yaikulu. Ndimagwirizana nawo. Giza imodzi imadya makilowati awiri kapena atatu, ndipo ingakhuthule batire m'maola ochepa. Hybrid nayonso imafuna chilolezo, chifukwa gridi ikakhalapo imagwira nayo ntchito limodzi.

Kodi mita yomwe ndili nayo kale ingagwire ntchito ndi sola?

Funso ili ndi lomwe ndikanakonda kuti aliyense ayambire. Yankho limadalira mtundu wa mita.

Mita zakale zokhala ndi kambale kozungulira mkati zimatsata komwe magetsi akuyenda. Akamalowa, kambale kamazungulira chakutsogolo. Akamatuluka, pa mita zina kamabwerera m'mbuyo ndipo manambala amatsika. Anthu amasangalala akaona zimenezi, koma ngati mulibe mgwirizano ndi kampani, m'mayiko ambiri kubweza mita kumatengedwa ngati kuba magetsi. Mita zina zakale zili ndi kachitsulo koletsa kambale kubwerera, ndiye magetsi anu otsala amangopita kwaulere.

Mita zamakono za manambala apagalasi ndi zomwe zimapweteka kwambiri. Zambiri zinapangidwa kuti zigwire anthu osokoneza mawaya, ndipo njira imodzi yobera ndi kutembenuza mawaya a mita. Pofuna kutseka mpata umenewu, mita zina zimawerenga yunitsi iliyonse yodutsa ngati yogula, osasamala kuti ikulowa kapena ikutuluka. Zotsatira zake, mumalipira magetsi omwe inuyo mwapatsa kampani.

Ndinafikapo panyumba ina pomwe mwiniwake anali wokhumudwa kwambiri. Anaika mapanelo abwino ndithu, koma bilu inakwera m'malo motsika. Tinathimitsa chilichonse m'nyumba, firiji ndi zonse, n'kukaima pa mita masana. Kagetsi kofiira kaja komwe kamaphethira magetsi akamadutsa kanali kuphethira mofulumira ngati wina wayatsa chitofu, ndipo manambala ankakwera tikuona. Titathimitsa inveta, kanaima. Bamboyo anakhala chete nthawi yaitali. Mapanelo analibe vuto, inveta inalibe vuto. Palibe yemwe anafunsa za mita ntchito isanayambe.

Nanga mita yolipiriratu, yogula mayunitsi?

Vuto ndi lomwelo, koma limaoneka msanga. Zambiri mwa mita zimenezi zimadya mayunitsi anu magetsi akamatuluka, ndipo zina zimaganiza kuti mukusokoneza, zimadzitseka mpaka a kampani atabwera kudzatsegula. Zilipo zina zatsopano zomwe zimatha kuwerenga mbali zonse ziwiri, koma kampani ndi yomwe imazikonza kuti zitero. Lembani dzina la mita ndi nambala ya mtundu wake, zomwe zimakhala pankhope pake, mukafunse ku kampani. Musadalire mawu a wogulitsa mapanelo pankhaniyi. Safunsa anadya phula.

Mita yoyenera ndi yotani, ndipo amaika ndani?

Ndi mita ya mbali ziwiri, yomwe imasunga manambala awiri osiyana: mayunitsi omwe mwatenga ku gridi ndi mayunitsi omwe mwatumiza ku gridi. Yunitsi imodzi ndi kWh imodzi, kutanthauza mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi.

Mita zambiri za mtunduwu zimasinthasintha zomwe zikuonetsa pagalasi. Mukaona kanambala 1.8.0 pakona, nambala yaikulu yomwe ili nayo ndi magetsi olowa. Mukaona 2.8.0, amenewo ndi otuluka. Zambiri zilinso ndi kamuvi koloza kumanja kapena kumanzere, kosonyeza komwe magetsi akuyenda panthawiyo. Tsiku lomwe mita yaikidwa, jambulani manambala onse awiri ndi foni. Chithunzi chimenecho chimathetsa mikangano yambiri ya bilu yoyamba.

Woika ndi kampani kapena munthu wovomerezedwa ndi kampani. Mita imakhala ndi chidindo chomatira, ndipo wodula chidindocho wapalamula mlandu, ngakhale akhale mmisiri wodziwa ntchito yake. Amene amalipira mita yatsopano amasiyana malo ndi malo, kwina kampani, kwina mwininyumba, choncho funsani musanawerengere ndalama zonse za ntchito. Ndipo musayatse sola mita isanasinthidwe. Mukapirira masabata angapowo, mwadzipulumutsa ku zambiri.

Ndimamva za net metering, net billing ndi feed-in tariff. Zimasiyana bwanji?

Zonse ndi njira zowerengera magetsi omwe mwatumiza ku gridi, koma phindu lake kwa inu limasiyana kutali.

Tiyerekeze kuti pamwezi mwatenga mayunitsi 300 ku gridi ndipo mwatumiza 200. Pa net metering, yunitsi imafafaniza yunitsi, ndiye mulipira 100 okha. Gridi yakhala ngati nkhokwe yanu: masana mumasunga, usiku mumatapa. Pa net billing, mayunitsi 300 aja mumagula pamtengo wonse, pomwe 200 anu kampani imawagula pamtengo wotsika, nthawi zambiri wotsika kwambiri. Pa feed-in tariff, mumalipidwa mtengo wokhazikika pa yunitsi iliyonse kwa zaka zomwe mwagwirizana. Kwina amalipira magetsi onse opangidwa, ndipo pamenepo pamafunika mita yachiwiri yowerengera zomwe mapanelo apanga.

Dziko la Germany linakhazikitsa lamulo lake lodziwika la feed-in tariff m'chaka cha 2000, lopereka mtengo wosasintha kwa zaka 20, ndipo linathandiza kwambiri kuti sola afalikire pamadenga. Britain inayamba ndondomeko yotere mu 2010, inaitseka kwa olowa atsopano mu 2019, ndipo mu January 2020 inayambitsa ina yotchedwa Smart Export Guarantee. Ku Hawaii, net metering inatsekedwa kwa olowa atsopano mu 2015. Ku California, kuyambira April 2023 olowa atsopano anasamutsidwira ku net billing.

Ndatchula zaka zimenezi pa chifukwa chimodzi: malamulo a malipiro amasintha, ndipo sola akachuluka, kawirikawiri amasintha motsitsa zomwe mwininyumba amalandira. Mapanelo amakhala zaka 25 kapena kuposerapo. Musaike chiyembekezo chonse pa mtengo wa lero wogulitsira magetsi. Yunitsi yomwe mwaigwiritsa ntchito nokha masana ndi yomwe phindu lake palibe angakulandeni. Pomwe mukusaina mgwirizano, werengani kuti mtengowo watsimikizidwa kwa zaka zingati, komanso chomwe chimachitika ndi mayunitsi otsala chaka chikatha. Kwina amapitirira, kwina amalipidwa pang'ono, kwina amangofafanizidwa.

Inveta ikuti ndapanga mayunitsi 400, koma mita ikuti ndatumiza 250. Ena apita kuti?

Mwawagwiritsa ntchito nokha. Inveta imawerenga zonse zomwe mapanelo apanga, pomwe mita imangoona zomwe zadutsa kupita kunja. Mayunitsi 150 osiyanawo anathera m'nyumba asanafike pa mita. Palibe yemwe wakuberani.

Kampani yathu silola kutumiza magetsi ku gridi. Ndiye kuti sizingatheke?

Zingatheke, pogwiritsa ntchito njira yomwe amisiri amati zero export. Pa waya waukulu wolowa m'nyumba amamangirirapo kachipangizo kotchedwa CT, kooneka ngati mphete yotseguka yomwe imakumbatira waya. Kamauza inveta kuchuluka kwa magetsi omwe akudutsa ndi komwe akulowera. Nyumba ikamadya mawati 800, inveta imapanga mawati 800 okha ngakhale mapanelo angathe kupereka 3,000.

Samalani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, pa CT pali kamuvi, ndipo kayenera kuloza mbali yomwe kabuku ka inveta kanena. Kakatembenuzidwa, inveta imamva zosemphana: imaona magetsi otuluka ngati olowa, n'kuwonjezera mphamvu m'malo mochepetsa. Ndi cholakwika chaching'ono chomwe chimachitika kawirikawiri, ndipo kuchiyesa n'kosavuta. Yatsani ketulo, muone ngati nambala ya magetsi ochokera ku gridi ikukwera pagalasi la inveta. Chachiwiri, inveta imatenga kamphindi kuti isinthe. Chinthu chachikulu chikathima mwadzidzidzi, magetsi pang'ono amathawira kunja kwa masekondi ochepa. N'chifukwa chake amisiri ena amaikonza kuti nthawi zonse izikoka mawati ochepa ku gridi, makamaka pomwe mita ndi yolipiriratu.

Kunena zoona, zero export popanda batire imataya dzuwa lambiri ngati masana panyumba pamakhala popanda anthu. Zikatero, ndi bwino kuika mapanelo ochepa, kapena kusamutsira ntchito zodya magetsi ku masana, monga kuchapa ndi makina, kusita ndi kutenthetsa madzi. Ndipo ngakhale simukutumiza kanthu, makampani ambiri amafunabe kuti mulembetse, popeza inveta ndi yolumikizidwa ku mawaya awo.

N'chifukwa chiyani inveta yanga imathima masana dzuwa likafika pachimake?

Kawirikawiri ndi volteji yomwe yakwera mopitirira. Kumbukirani kuti inveta imakweza volteji kuti ikankhire magetsi kunja. Ngati waya wochokera pa inveta ndi woonda kapena wautali, kapena ngati nyumba zambiri zikukankha nthawi imodzi, volteji imakwera mpaka kufika pamalire. M'mayiko ambiri a mavolti 230, malire apamwamba ndi 10 peresenti kuwonjezera pamenepo, kutanthauza mavolti 253. Ikafika pamenepo, inveta imachepetsa mphamvu kapena imadzidula.

Mmisiri wabwino amayeza volteji pa mita ndi pa inveta nthawi imodzi. Ngati kusiyana n'kwakukulu, vuto lili pa waya wa m'nyumba mwanu, ndipo usinthidwe. Ngati volteji ndi yokwera kale pa mita ngakhale inveta itathima, nkhaniyo ndi ya kampani, ndipo iwo angathe kusintha makonzedwe a thiransifoma.

Chomwe sindingavomereze ndi kulowa m'makonzedwe a inveta n'kukweza malire kuti isiye kuthima. Volteji yokwerayo imapita ku zipangizo zanu ndi za anzanu. Manambala amenewo si okongoletsa, ndipo zotsatira zake zimafika kutali. Ku Germany, mainveta akale ambiri anakonzedwa kuti azidzidula kugunda kwa gridi kukafika pa 50.2 Hz, kutanthauza ka 50.2 pa sekondi. Pomwe anali ochepa panalibe vuto. Atachuluka, akatswiri anaona kuti onse akadzidula nthawi imodzi angagwedeze gridi yonse, ndipo kuyambira mu 2012 panayamba ntchito yokonzanso mainveta ambirimbiri. Inveta ya munthu mmodzi ndi yaing'ono, koma gridi imamva zonse pamodzi.

Kodi pali malire a kukula kwa sola yemwe ndingaike?

Alipo pafupifupi kulikonse. Kwina malire amatsata kukula kwa buleka yaikulu ya nyumba, kwina amatsata magetsi omwe mumagwiritsa ntchito pachaka, kwina amatsata mphamvu ya thiransifoma. M'madera ambiri ku Australia, nyumba ya feizi imodzi yakhala ikuloledwa kutumiza makilowati 5 okha. Nyumba ya mafeizi atatu imaloledwa zambiri, koma inveta iyenera kugawa magetsi mofanana kuti feizi imodzi isalemedwe.

Malire amenewa kawirikawiri amakhudza inveta, osati mapanelo. Si zachilendo kuona mapanelo a makilowati 6 pa inveta ya makilowati 5, ndipo palibe cholakwika. Nambala yolembedwa papanelo amaiyeza pa kuwala kwa mawati 1,000 pa sikweya mita imodzi, panelo ili pa madigiri 25. Padenga panelo imatentha kwambiri kuposa pamenepo, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imachepetsa mphamvu ndi pafupifupi 0.3 mpaka 0.4 peresenti. Choncho mapanelo safika pa nambala yawo kawirikawiri.

Ndondomeko yake imayenda bwanji?

Mumayamba ndi kufunsa ku kampani ngati amalola, pa mfundo ziti, komanso ngati mita yanu ndi yoyenera. Kenaka mmisiri wovomerezeka amalemba pulani: chithunzi cha mawaya, kukula kwa mapanelo, dzina ndi mtundu wa inveta, ndi chikalata chosonyeza kuti inveta inayesedwa pa miyezo yomwe dziko lanu limafuna. Ku South Africa muyezo wake ndi NRS 097-2-1, ku Australia ndi New Zealand ndi AS/NZS 4777.2, ku Germany ndi VDE-AR-N 4105. Makampani ena ali ndi mndandanda wa mainveta ovomerezeka. Uoneni musanagule, chifukwa inveta yotchipa yomwe mulibe m'ndandandamo imakhala yodula tsiku lomwe yakanidwa.

Mukavomerezedwa, ntchito imachitika, woyendera amabwera kudzaona, mita imasinthidwa, ndipo pamapeto mumapatsidwa chilolezo choyatsa. Woyendera amayang'ana ngati pali suwichi yodulira mbali ya DC ndi ina ya mbali ya AC, ngati mafelemu a mapanelo alumikizidwa ku waya wa pansi, ngati pali choteteza ku mphenzi, komanso ngati pa mita ndi pa bolodi pamatidwa zizindikiro zochenjeza kuti nyumbayi ili ndi magwero awiri a magetsi. Zizindikirozo anthu amazipeputsa, koma ozimitsa moto ndi amisiri obwera mtsogolo amadalira zimenezo. Pa mayeso, nthawi zambiri amathimitsa buleka yaikulu n'kuona ngati inveta yasiya pompo.

Ndimadziwako za magetsi. Ndingalumikize ndekha?

Sindingakulimbikitseni, ndipo m'mayiko ambiri lamulo silola. Mapanelo olumikizidwa mondondozana amafika pa mavolti 300 mpaka 600 a DC, ena kuposa pamenepo, ndipo alibe suwichi yothimitsira dzuwa. Bola kukuwala, mawaya ake ndi amoyo, ngakhale buleka yaikulu ya nyumba itathimitsidwa. Magetsi a DC akayamba kuthetheka pa cholumikizira chosamangika bwino, sazima msanga monga a AC, ndipo moto wambiri wa padenga umayambira pamenepo. Musamasule cholumikizira cha mapanelo inveta ikugwira ntchito.

Ndili ndi jenereta. Ingagwire ntchito pamodzi ndi sola?

Osati mwachisawawa. Inveta yolumikizidwa ku gridi ingaone jenereta ngati gridi n'kuyamba kukankhira magetsi otsala mmenemo, ndipo jenereta yaing'ono ilibe kowapititsa. Ingaonongeke, kapena kuononga zipangizo za m'nyumba. Muuzeni mmisiri za jenereta pachiyambi pomwe, kuti aike suwichi yosinthira pamalo oyenera kapena asankhe inveta yokhala ndi polowera jenereta.

Kodi bilu idzatheratu?

Kawirikawiri ayi. Makampani ambiri ali ndi ndalama yokhazikika yomwe mumalipira pamwezi chifukwa chongokhala olumikizidwa, ndipo ena amakusamutsirani pa mitengo ina mukaika sola, monga yosintha malingana ndi nthawi ya tsiku. Pamitengo yotereyi magetsi a madzulo amakhala okwera, nthawi yomwe mapanelo agona kale. Musanasaine, tengani mabilu a miyezi 12 yapitayi, muone mayunitsi omwe mumagwiritsa ntchito, ndipo yesetsani kudziwa kuti angati mwa amenewo ndi a masana. Wogulitsa yemwe akukulonjezani bilu ya ziro asanaone mabilu anu ndi mita yanu, muchenjere naye.

Ndikafuna kuwonjezera mapanelo, kusintha inveta kapena kugulitsa nyumba?

Chilolezo chomwe munapatsidwa ndi cha sola wa kukula komwe munalembetsa. Kuika inveta yaikulu kapena kuwonjezera batire kumafuna kudziwitsanso kampani, ndipo kwina kungakuchotseni pa mgwirizano wakale wa malipiro n'kukuikani pa watsopano, choncho funsani musanasinthe kanthu. Inveta wamba imakhala zaka 10 mpaka 15, kutanthauza kuti mudzaisintha kamodzi mapanelo asanakalambe, ndipo yolowa m'malo iyenera kukhala yovomerezeka pa miyezo ya nthawi imeneyo.

Pogulitsa nyumba, mgwirizano wa magetsi otumizidwa ku gridi uyenera kusamutsidwira m'dzina la mwini watsopano. Mpatseni pulani ya mawaya, chikalata cha woyendera, zikalata za chitsimikizo cha mapanelo ndi inveta, komanso mawu achinsinsi olowera pa pulogalamu ya pafoni yoonera momwe sola akugwirira ntchito. Tsiku lopereka makiyi, imani nonse awiri pa mita, mujambule 1.8.0 ndi 2.8.0.